Kabuku ka chikumbutso ka Fomu 4: kapangeni mayeso asanayambe

Kalasi ya Fomu 4 sibalalika tsiku limodzi. Mayeso a MSCE akayamba, wina amalemba pepala lake lomaliza Lachiwiri n'kumanga katundu, wina amatsala mpaka sabata inayo, ndipo pofika tsiku lotsiriza pasukulu pamakhala anthu ochepa, otopa, amene mutu uli pa ndalama ya thiransipoti basi. Zoti "tidzakumana tikamadzatenga zotsatira" musazikhulupirire. Aliyense amabwera tsiku lake, ena amangotuma mlongo wawo. Ndiye ngati mukufuna kuti zaka zinayi zimene mwakhala limodzi zilembedwe penapake, nthawi yake ndi pamene mayeso a mock angotha kumene, ndandanda ya MANEB isanayambe kukusowetsani tulo.

Ine ndimaphunzitsa Chichewa pa CDSS ina kuno ku Phalombe, ndipo ntchito yothandiza a Fomu 4 kupanga kabuku kotere imagwera ine, poti amati wa Chichewa ndiye wa zolembalemba. Zimene ndikulembazi ndi za sukulu ngati yathu, yopanda kompyuta ya ophunzira, yopanda ndalama zapadera. A sukulu zogonera konko angowonjezerapo zawo.

Sankhani anthu asanu oyendetsa ntchitoyi, ndipo asakhale mapulifekiti okhaokha. Mufunika mmodzi wolemba bwino pamanja, mmodzi wokhulupirika pa ndalama, mmodzi amene kwawo kuli foni ya kamera yabwino, ndiponso mmodzi wa mabenchi akumbuyo, uja amadziwa nkhani ya aliyense. Wachisanu akhale mtsikana kapena mnyamata wofatsa amene anzake samuopa kumuuza zinthu. Mukasiyira mapulifekiti okha, kabuku kamatuluka ngati lipoti la kwa ahedi.

Ntchito yoyamba si kujambula zithunzi. Pitani kwa akalasi ticha mukapemphe rejisitala ya Fomu 1, ya chaka chimene munayamba, mukopere mayina onse monga alili. Kenaka muwerenge mokweza m'kalasi. Mudzaona nokha mmene anthu akhalire chete, chifukwa mayina ambiri eni ake mulibe m'chipindamo. Wina fizi inavuta ali Fomu 2. Wina JCE inamubweza. Wina anatenga pakati, wina anakwatiwa, wina anawoloka kupita ku Mozambique kukachita geni, wina anakwera basi ya ku Joni. Mwina pali amene munakamuika m'manda mutavala yunifolomu. Onsewa alowe m'kabuku, patsamba lawolawo, pansi pa mutu wosavuta ngati "Tinayamba nawo". Lembani dzina ndi fomu imene anasiyira, basi. Chifukwa chimene anachokera musalembe, ngakhale mukuchidziwa, poti kabuku kamafika m'manja mwa apongozi ndi ana amene sanabadwe. Amene akukhala pafupi muwayendere, muwapatse mpata wolembamo mawu awo ngati akufuna. Ena amakana, ndipo kukana kwawo mukulemekeze. Koma ambiri amadabwa kuti mukuwakumbukirabe. Pa masamba onse, ili ndi limene ine sindilola kuti lichotsedwe ngakhale ndalama zitachepa. Musaiwalenso amene anakupezani panjira, obwereza ndi ochokera ku sukulu zina; iwowa mu rejisitala ya Fomu 1 mulibe, koma kalasi ndi yawo.

Tsopano mafunso. Mukangouza anthu kuti "aliyense alembe za moyo wake wa pasukulu", mudzalandira mapepala 60 onena chinthu chimodzi: ndikuthokoza Mulungu, makolo anga ndi aphunzitsi onse, anzanga limbikirani sukulu. Mawuwo ndi abwino, koma alembeni kamodzi patsamba loyamba m'dzina la kalasi yonse, kenaka muwaletse. Aliyense apatsidwe theka la tsamba ndi mafunso ofuna yankho logwirika. Tsiku loyamba la Fomu 1 unavala chiyani kumapazi, ndipo anakuperekeza ndani? Unkadya chiyani pa buleki, unkagula kwa ndani, pa mtengo wanji? Chibalo chimene sudzaiwala chinali chotani, ndipo unalakwadi? Ndi phunziro liti limene unalimva tsiku limodzi mwadzidzidzi, utavutika nalo teremu yonse? Ndani anakubwerekapo chinthu pamene unalibe? Asankhepo atatu.

Mayankho ake amakhala ena ndithu. Mtsikana wina analemba za mmene ankawolokera mtsinje nthawi ya dzinja, siketi ya yunifolomu ndi makope zili m'jumbo pamutu, n'kukavalira kuseri kwa tchalitchi chapafupi ndi sukulu. Mnyamata wina wa selofu analemba mndandanda wa zimene zinali m'chipinda chimene ankachita lendi ndi anzake awiri: mbaula, poto mmodzi wopanda chivundikiro, thumba la ufa wa mgaiwa lomangidwa ndi chingwe cha nsapato kuti adziwe ngati wina watapamo, ndi tochi ya mabatire imene ankawerengera mosinthana. Sanawonjezepo ndemanga iliyonse, ndipo sipanafunike.

Chilankhulo musachiumirize. Wofuna Chichewa alembe Chichewa, wofuna Chingerezi alembe, wofuna kuponyamo Chilomwe cha agogo ake aponyemo, ndipo mawu anu a pasukulu aja, amene ife aphunzitsi timanamizira kuti sitikuwamva, alowe momwemo. Ine cholembera chofiira ndimachisiya mu ofesi. Ndimangokonza pamene dzina la munthu lalakwika.

Masana ena Lachisanu mukhale pansi kalasi yonse, mugawe bolodi zigawo zinayi, Fomu 1 mpaka Fomu 4, muyambe kukumbutsana. Anthu amasokoneza zaka, choncho muyambe ndi zinthu zimene dziko lonse likudziwa tsiku lake, zina zonse muzikolowekapo. Makalasi a zaka zapitazi anali nazo zambiri. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19, ndipo chaka chomwecho mu Novembala mayeso a MSCE anaimitsidwa atabedwa, anthu n'kudzalembanso mu Januwale 2021. JCE, imene boma linali litaichotsa, inabwereranso mu 2021. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatigwetsera mapiri kuno kummwera. Sukulu zinatsekedwa, zipinda zophunziriramo zambiri zinasanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinapita ndi madzi. Kalasi imene inadutsa m'zimenezi isangolemba kuti "kunali Freddy". Ilembe kuti m'chipinda chathu munagona mabanja, mabenchi tinawapeza atasanjidwa panja, uje anabwerera kusukulu wopanda kope ngakhale limodzi ndipo tinamukopera manotsi a Biology mogawana mitu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Funsanani kuti kope, cholembera ndi mandasi zinali pa ndalama zingati muli Fomu 1, ndipo lero zili pa zingati. Kamndandanda ka mitengo kameneka kamaoneka kachabe lero, koma pakapita zaka khumi ndi kamene anthu amayamba kuwerenga.

Pa bolodi pomwepo padzatuluka mikangano: mpira uja tinagonja ndi zigoli zingati, ndani anayambitsa kuti tonse tikane kusesa. Musaweruze. Lembani mbali zonse ziwiri, mutchule kuti anyamata akuti chakuti, atsikana akuti chakuti.

Mayina achipongwe ndi nthabwala ndiye mchere wa kabuku, komanso ndi pamene pamayambira ndewu. Lamulo langa ndi limodzi: chilichonse chonena za munthu, mwini wake achiwerenge kaye ndipo avomere yekha, osati pagulu pamene akuopa kuoneka wosachedwa kupsa mtima. Za zibwenzi zisiyeni kunja. Za maonekedwe a thupi la munthu, za umphawi wa kwawo, za matenda, ayi. Za aphunzitsi lembani, tikudziwa kale kuti muli ndi mayina athu, koma mubwere nazo tione. Ambiri a ife timaseka. Ndipo musalembemo zolosera kuti uyu adzapeza mapointi 6, uyu adzalephera. Ubwino wa kabuku kotuluka zotsatira zisanabwere ndi woti onse amakhalamo ofanana, amene adzasankhidwe kupita ku yunivesite ndi amene adzabwerere kumunda.

Zithunzi zimafuna kusamala chifukwa makina a fotokope amadetsa nkhope. Chithunzi chokongola pafoni chimatuluka chikuda bii, maso okha mbee. Jambulani panja, m'mawa, munthu ataima pamthunzi koma nkhope italoza kowala, kumbuyo kwake kuli khoma loyera. Jambulani kuyambira pachifuwa kupita kumutu, aliyense malo amodzimodzi. Pa chithunzi cha kalasi yonse, lembani mayina pansi pake mzere ndi mzere, kuyambira kumanzere. Lero mukuona ngati simungaiwalane, koma mudzaiwalana. Jambulaninso malo opanda anthu: mjigo, mtengo umene mumachitira asembule, chitsulo chimene chimalira ngati belu, bolodi la m'kalasi mwanu lisanafufutidwe. Amayi ogulitsa zitumbuwa pageti ndi alonda muwapemphe kaye, musangowajambula mobera.

Kusindikiza kwake nkosavuta mukadziwa masamu ake. Pepala la A4 mukalipinda pakati limapereka masamba anayi, choncho chiwerengero cha masamba chikhale chogawika ndi 4. Tinene kuti mulipo 60. Theka la tsamba aliyense ndi masamba 30. Onjezani 10 a mayina, mbiri ya zaka zinayi, zithunzi ndi mawu a aphunzitsi, akwana 40, amene ndi mapepala 10 pa kabuku kamodzi. Makope 60 ndi mapepala 600, pamene rimu imodzi imakhala ndi 500. Gulani marimu awiri, otsalawo apite ku makope a anzanu a patsamba la "Tinayamba nawo", a aphunzitsi, ndi zolakwika zimene sizilephera. Kugula mapepala anuanu n'kukalipira kusindikiza kokha nthawi zambiri kumatsitsa mtengo, koma kambiranani ndi mwini makina musanagule. Muuzeni atulutse kope imodzi yoyesera, muipinde, muone ngati masamba akutsatana, chifukwa tsamba 40 limayenera kukhala pepala limodzi ndi tsamba 1, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Masamba a zithunzi atuluke pa printa mwachindunji, asachite kufotokopedwa. Chikuto chikhale cha pepala lolimba, masitepulo awiri pamsana. Zolemba za anthu musazitayipe zonse. Masamba ena afotokopedwe momwe alili, ndi dzanja la mwini wake, bola alembe ndi cholembera chakuda.

Ndalama musonkhe pang'onopang'ono, msungichuma azilemba m'kope poyera ndipo aziwerenga m'kalasi Lolemba lililonse. Makolo akutali akhoza kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ya akalasi ticha. Pa mtengo wa munthu aliyense onjezanipo kangachepe, kuti amene sangathe kusonkha alandire kabuku kake mwakachetechete, popanda kulengeza.

Manambala a foni musawaike m'kabuku, makamaka ngati mukufuna kukatumizanso pa WhatsApp, poti kumeneko simudziwa kumene kakafike. Alembeni papepala lapadera la kalasi yokha, ndipo pambali pa nambala aliyense alembe mudzi, mfumu yaikulu ndi tchalitchi kapena mzikiti wa kwawo. Manambala a achinyamata amasintha chaka chisanathe, koma munthu ukamufunsa kwa amfumu amapezeka.

Gawani timabukuti tsiku la mwambo wotsanzikana, chakudya chisanafike, ndipo tsamba lomaliza mulisiye loyera kuti anthu asainirane pomwepo. Makope awiri apite kwa ahedi, imodzi ya mu ofesi, ina ya mulaibulale ngati ilipo. Mapepala enieni amene anthu analemba pamanja muwaike mu envelopu yaikulu, mulembepo chaka, musiyire akalasi ticha.