Musanatsitse giyabokosi, yambani mwayang'ana chingwe cha kikidauni

Amene muli ndi galimoto zakale za otomatiki, makamaka za Toyota zimene munazisinthira injini kapena kuziika matayala akuluakulu, mwina mwaona kuti galimoto ikulowa giya yapamwamba msanga, kenako n'kumasinthasintha pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi pokwera zitunda za ku Angónia. Yanga inkatero, ndipo vuto linali chingwe cha kikidauni, chochokera ku thirotolo (chotsegulira mpweya wolowa mu injini) kupita ku giyabokosi, chimene chinalekerera pamene tinkasintha injini.

Choyamba yezani oyilo wa m'giyabokosi (ATF) injini itatentha ndipo ikulira. Kenako zimitsani injini, wina aponde akisileleta mpaka pansi, inu muyang'ane kachizindikiro kachitsulo kamene kali pa chingwecho. Pa Toyota zambiri zakale kayenera kutuluka pa mphira wokuta chingwecho osapitirira milimita 1. Ngati sikakutuluka, masulani manati awiri amene amagwira chingwecho pafupi ndi thirotolo, kokani chingwecho pang'ono, mangani, ndipo yesani galimoto pamsewu musanakokenso.

Chingwe chikakungika, mphamvu ya oyilo m'giyabokosi imakwera, magiya amagwira molimba, ndipo pa magiyabokosi opanda kompyuta amachedwerako kusintha. Chikalekerera, makilatchi a m'kati amaterereka n'kupsa, zimene zimachitika msanga ndi kutentha kwa kuno ku Tete ndi ku Moatize. Ndikukupemphani kuti musachilekerere dala pofuna kuti magiya azilowa mofewa. Pokwera chitunda mutanyamula katundu, zimitsani batani la O/D (lolola giya yachinayi kulowa) kuti galimoto ikhazikike m'giya yachitatu.