Momwe mungasankhire bandsaw yaikulu yochekera matabwa pakhomo

Bandsaw ndi makina ochekera matabwa ndi blade, lamba wachitsulo wa mano wozungulira pa mawilo awiri. Yanga yoyamba inali ya mainchi 10, yoika pa benchi. Inanditumikira zaka zingapo pocheka zokhotakhota, miyendo ya mipando ndi timatabwa ta mabokosi. Tsiku lomwe ndinafuna kugawa thabwa lokhuthala la mtengo wolimba kuti patuluke awiri opyapyala a zitseko za kabati, mota inangolira n'kuima. Ngati nanunso mwafika pamenepa, nazi zimene ndimayang'ana tsopano, nditatayapo kale ndalama kamodzi.

Choyamba, musanaone makina aliwonse, yezani thabwa lotakata kwambiri lomwe mukufuna kumaligawa. Nambala ija amalemba pa makina, 14, 17 kapena 18, ndi kukula kwa mawilo m'mainchi. Imakuuzani moyerekeza mpata wochoka pa blade kufika pa msana wa makina, koma siikuuzani kuti ndi thabwa lotakata bwanji lingaimirire patebulo n'kudutsa pansi pa zogwira blade. Umenewo ndi muyeso wina, ndipo kwa munthu wogawa matabwa ndiwo wofunika. Bandsaw za mainchi 14 za cast iron (chitsulo choumbidwa m'chikombole), zotengera kapangidwe ka kampani ya Delta ka m'zaka za m'ma 1930, zimalandira mainchi 6 okha, pafupifupi masentimita 15. Pali chitsulo chowonjezera chotchedwa riser block chomwe mumamanga pakati pa msana, mpata n'kufika mainchi 12. Kungoti blade nayo imatalika kuchoka pa mainchi 93.5 kufika 105, choncho ma blade onse omwe munali nawo atha ntchito, ndipo mota ikadali yomweyija. Zambiri zamakono zafelemu yachitsulo chowotcherera zimabwera kale ndi mpata wa mainchi 12 kapena kuposerapo.

Chachiwiri ndi mota. Pogawa thabwa lotakata la mtengo wolimba, ine sindipita pansi pa 1.5 HP, ndipo 2 HP imapumitsa mtima. HP ndi muyeso wa mphamvu ya mota, ndipo imodzi ndi mawati 746. Werengani kachitsulo komatidwa pa mota penipenipo, chifukwa ogulitsa ena amalemba pa chikwangwani mphamvu yomwe mota imakoka kumagetsi, yomwe imaposa imene imafika pa wilo. Pa kachitsulo komweko onani mavoti, onani ngati ndi 50 kapena 60 Hz, komanso ngati ndi single phase kapena three phase. Bandsaw zazikulu zakale zochokera m'mafakitale zimatsika mtengo modabwitsa, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti ndi za three phase, magetsi omwe nyumba zambiri zilibe. Mukhoza kugula VFD, chipangizo chosandutsa magetsi a single phase a m'nyumba kukhala a three phase, kapena kusintha mota, koma ndalamayo muiwerengere pamtengo wa makina musanasangalale.

Tsopano pomwe ine ndinagwa.

Ndinagula bandsaw yooneka yaikulu, yopakidwa penti bwino, kwa munthu wina woitanitsa makina. Mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi zinzake za msinkhu womwewo, ndipo pepala lake linkati imalandira blade ya mamilimita 19. N'zoona, blade yotero inkakwana pa mawilo. Chimene sindinafunse n'chakuti kodi makinawo angaikunge? Blade ya bandsaw imacheka mowongoka pokhapokha itakungika mokwanira. Ya chitsulo wamba cha carbon imafuna 15,000 mpaka 20,000 psi (muyeso wa kukungika), ndipo ya bimetal (ya zitsulo ziwiri zophatikiza) kapena ya mano a carbide imafuna kuposa pamenepo. Blade ikatakata, mphamvu yoikunga imakweranso. Kuti ya mamilimita 19 ifike pomwe iyenera, wilo lakumwamba limakhala likukokedwa ndi mphamvu yoposa makilogalamu 200, ndipo mphamvu yonseyo imasenzedwa ndi sipuling'i pamodzi ndi msana wa makina.

Yanga ija sinkatha. Ndinkapotoza chogwirira mpaka sipuling'i kuphwatalala, kamuvi koonetsa kukungika kali pa chizindikiro cha blade ya mamilimita 19, koma blade ikadali yofewa. Thabwa loyamba ndinatsata mzere bwinobwino pamwamba, pansi nawonso mzere unali pamalo pake. Nditalekanitsa zidutswa ziwirizo ndinapeza chimodzi chili ndi mimba pakati, chinacho chili ndi dzenje. Blade inkapindikira m'kati mwa thabwa momwe maso sangaone. Kuti ndiwongole ndinapala mpaka thabwa linatsala lopyapyala losagwirika ntchito. Ndinataya matabwa atatu abwino ndikuganiza kuti vuto ndi dzanja langa. Ndinasintha blade, ndinakonza zogwira blade kangapo, ndinachepetsa liwiro lokankhira, osaphula kanthu. Ndinadzazindikira tsiku lomwe ndinaona kuti ndikamakunga, ndodo yonyamula zogwira blade zakumwamba ikusuntha n'kupendekera pambali. Msana wonse unkawerama. Wogulitsa uja nditamuuza anati ndikukankha thabwa mwamphamvu, kenako anasiya kuyankha foni.

Ndiye inu chitani izi musanapereke ndalama. Pemphani kuti amange blade yotakata kwambiri yomwe pepala likunena. Magetsi ali ozimitsa, kwezani zogwira blade mpaka pamwamba, mukunge pang'onopang'ono maso ali pa sipuling'i. Ikaphwatalala yonse, makinawo afika pamapeto, ndipo kupitiriza kupotoza kumangopinda zitsulo. Kankhani blade ndi chala cham'mbali: yokungika bwino imangosuntha mamilimita ochepa. Kamuvi kaja musakakhulupirire, kawirikawiri kamaonetsa zoposa zenizeni. Gwirani ndodo ya zogwira blade muigwedeze. Tsegulani chitseko chakumwamba muone kukhuthala kwa zitsulo zomwe zanyamula wilo. Ndipo funsani kulemera kwa makina. Pa bandsaw ziwiri zofanana msinkhu, ine ndimatenga yolemera, chifukwa chitsulo n'chimene opanga zotchipa amayamba kuchepetsa. Wogulitsa akakana kuti muyese ndi thabwa lanu, chokani.

Ngati munagula kale yofooka, pali njira yachidule yomwe inandipulumutsa miyezi ingapo. Ikani blade ya mamilimita 13 ya mano atatu pa inchi. Yopapatiza yokungika bwino imacheka mowongoka kuposa yotakata yolendewera. Mano otalikirana amasiya mpata wotulutsira utuchi, pomwe mano othinana amadzadza, blade n'kutentha n'kuyamba kusokera. Ena amasinthanso sipuling'i n'kuika yolimba. Zimathandiza ngati msana uli wabwino, koma pa msana wofooka mukungowonjezera kuwerama.

Za mawilo, ndimakonda a cast iron chifukwa kulemera kwake kumathandiza blade kusafooka ikakumana ndi mfundo. Chotsani blade, zunguzani wilo ndi dzanja kangapo. Likamaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndiye kuti mbali ina ndi yolemera, ndipo makina adzanjenjemera. Mverani ngati mabering'i akukhuluza. Rabala wa pa wilo akhale wopanda ming'alu, ngakhale ameneyo kusintha sikuvuta. Wilo lalikulu lili ndi ubwino winanso: blade siipindika kwambiri pozungulira, choncho yokhuthala siithyoka msanga monga imachitira pa wilo laling'ono.

Funsani kutalika kwa blade ya makinawo, ndipo mudziwiretu komwe muzikaigula. Makina ena amadya muyeso wachilendo womwe amagulitsa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo iye amadziwa zimenezo poika mtengo. Amene amadula ndi kuwotcherera blade pa muyeso uliwonse alipo, koma muziona polumikiza. Pakakhala potupa kapena popindika, mudzamva kugogoda pa kuzungulira kulikonse. Blade yomwe imabwera ndi makina atsopano nthawi zambiri si yabwino, sungani ndalama ya ina.

Zogwira blade zilipo za mabering'i, za ceramic ndi za tizitsulo wamba. Zonse zimagwira ntchito. Ine ndimangoona ngati ndingafikire zapansi pa tebulo popanda kuvutika, chifukwa zovuta kufikira munthu amaleka kuzikonza.

Tebulo likhale la cast iron, muikepo rula yachitsulo muone ngati lili lathyathyathya, makamaka pa mpata wolowetsera blade. Litsamireni pakona, lisagwedezeke. Fensi, potsamiritsa thabwa pocheka, ikhale yaitali m'mwamba. Potulukira utuchi pakhale pa mamilimita 100, pawiri ndi bwino koposa. Buleki ya phazi ndi yofunika pa makina aakulu, popeza mawilo olemera amazungulirabe nthawi yaitali mutazimitsa, mwakachetechete, dzanja lili pafupi.

Potsiriza yezani chitseko ndi denga. Bandsaw ya mainchi 17 kapena 18 imayandikira mamita awiri kutalika ndipo imalemera kuposa makilogalamu 100, zina kawiri pamenepo. Chotsani tebulo musananyamule, musaikoke pogwira tebulo kapena ndodo ya zogwira blade, ndipo itanani anthu osachepera atatu.