Ndinasiya kudziuza "ndilephera", ndinayamba kudziuza "aise"

Ndikauzidwa kuti mawa ndilankhule pa msonkhano wa kuntchito, tulo sitinkabwera. M'mutu munkangomveka kuti: "Ndilephera, ndichita chibwibwi, andiseka." Chilichonse chinali "ine, ine", ndipo mantha ankangokulirakulira.

Kenako ndinawerenga za kafukufuku wa Ethan Kross wa ku University of Michigan, wa mu 2014. Anthu anapatsidwa mphindi 5 zokha kuti akonzekere kulankhula pamaso pa ena. Amene ankadzilankhula mumtima potchula dzina lawo kapena kuti "iwe" analankhula bwino, ndipo pambuyo pake sanachite manyazi kwambiri ngati aja ankati "ine".

Nditayesa, poyamba zinakanika. "Iwe!" ankamveka ngati mayi anga akundikalipira nditaswa mbale, moti mtima unkagunda kuposa kale. Ndinayesa "inu", koma ndinadziseka ndekha. Munthu n'kumadzipatsa ulemu wa apongozi uli wekha kubafa!

Chomwe chinathandiza ndi "iwe" wa mnzako wapamtima, uja amabwera ndi "aise". Ndinaonanso kuti mawu ongodzitamanda sathandiza kwenikweni, pamafunika malangizo enieni. Tsopano ndisanalowe m'chipinda ndimadziuza kuti: "Aise, nkhaniyi ukuidziwa. Uyambe ndi ziwerengero. Ukaiwala, uyang'ane papepala, upume kaye, kenako upitirize."

Sabata yatha ndinaiwaladi mfundo yachiwiri. Ndinayang'ana papepala, ndinapuma, n'kupitiriza. Manja okha ndi omwe ankanjenjemerabe pang'ono.