Kuika Loko Wotchipa pa Bokosi la Zipolopolo

Mabokosi achitsulo a asilikali a ku America, monga M2A1 la zipolopolo za .50 ndi M19A1 laling'ono la .30, anapangidwa kuti madzi ndi fumbi zisalowe, koma alibe pokowekera loko. Mwana wazaka zisanu akhoza kukoka chotsekera, chitsulo cha m'mbali chimene chimapana chivundikiro, n'kutsegula. Vutoli limatha ndi bawuti imodzi yodutsa khoma la bokosi ndi chotsekera, yobooledwa kunsonga kuti loko alowepo, ndipo ntchito yonse yagona pa kuboola malo oyenera popanda kuwononga kusalowa madzi kwa bokosilo.

Mufunika bawuti ya M12 (yonenepa mamilimita 12) yosachita dzimbiri, yotalika mamilimita 30 kapena 35, nati yopyapyala imodzi, washa yachitsulo, washa yalabala, ndi loko amene chingwinjiri chake n'chonenepa mamilimita 5 kapena 6. Zida ndi drila, panchi, tupa, vayisi, sipanala, kathabwa kolimba ndi timadontho ta oyilo. Ku America amagulitsa timapaketi tokonzeratu tokhala ndi chitsulo cha theka la inchi, omwe ndi mamilimita 12.7, koma bawuti ya kuhadiweya imagwira ntchito yomweyo.

Musanagwire drila, chotsanimo zipolopolo zonse n'kuziika m'chipinda china.

Tsekani bokosi, chotsekera chifike pomaliza. Pa mabokosi ambiri a M2A1 chotsekerachi chimabwera ndi bowo lozungulira kale pakati. Lowetsani cholembera m'bowomo n'kujambula mzere wozungulira pa khoma la bokosi, kenako pezani pakati pake. Musayeze ndi tepi bokosi lili chitsegukire, chifukwa chotsekera chikakanikiza labala wa chivundikiro chimakhala pamalo ena, ndipo kuphonya ndi mamilimita 2 okha kumachititsa kuti bawuti izigunda m'mphepete mwa bowo. Ngati chotsekera chanu chilibe bowo, boolani kabowo ka mamilimita 3 kodutsa chotsekera ndi khoma pamodzi bokosi lili chitsekere, kenako mukulitse lililonse palokha.

Tsegulani, tsamizani kathabwa mkati kuseri kwa chizindikiro, ndipo menyani panchi kamodzi. Popanda thabwa khoma limaphwanyikira mkati, pakuti chitsulo chake n'chopyapyala. Yambani ndi mamilimita 3, kenako 6, 10, mpaka 12. Mukalumpha n'kuyamba ndi chachikulu, drila imaluma chitsulo n'kusiya bowo la makona atatu, lomwe labala sangalitseke bwino. Palani m'mphepete ndi tupa, sesani tizitsulo tonse makamaka mu mzere wa labala wa chivundikiro, ndipo pakani penti pamene paoneka chitsulo choyera. Pamenepo m'pamene dzimbiri limayambira.

Bawuti imalowera mkati: mutu wake, washa yachitsulo, washa yalabala yogunda khoma, kenako nati kunja. Natiyo ikhale yopyapyala ndithu. Mpata wa pakati pa chotsekera ndi khoma ndi wochepa, ndiye nati yonenepa imaletsa chotsekera kufika pomaliza. Bokosi limaoneka lotseka koma labala sanakanikizike. Mangani mpaka labala aphwatalale pang'ono. Mukapitirira amang'ambika.

Tsopano bowo la loko, ndipo apa m'pamene ambiri amaononga bawuti. Tsekani chotsekera, lembani chizindikiro pa bawuti pamene yatulukira, n'kuikapo bowo moti loko akhale mogundana ndi chotsekera, mpata usapitirire mamilimita 2. Mpata ukakula, chotsekera chimanyamuka loko ali pomwepo, chivundikiro n'kumasuka. Masulani bawuti, ipaneni pa vayisi, palani mazinga ndi tupa kuti pakhale kamalo kafulati, menyani panchi, n'kuboola mamilimita 3 kenako 6.5. Musapitirire apo, chifukwa m'mbali mumatsala chitsulo chochepa kwambiri. Drila iziyenda pang'onopang'ono, mukukanikiza mwamphamvu ndi kudonthezera oyilo. Chitsulo chosachita dzimbiri chikatenthedwa ndi liwiro chimauma, choboolera n'kumangolira osalowa.

Chotsekera chimayenda mozungulira, osati molunjika, choncho bawuti yaitali imakola. Dulani yotsalayo kusiya mamilimita 4 kapena 5 kupyola bowo la loko, ndipo songolani nsongayo pang'ono ndi tupa. Ikakolabe, kulitsani bowo la chotsekera pang'ono, osati la khoma.

Kuti muone ngati madzi sakulowa, ikani pepala louma mkati, tsekani, ndi kumiza mbali ya bawuti m'beseni kwa mphindi 10. Likanyowa, sinthani washa yalabala kapena pakani silikoni pansi pa mutu wa bawuti. Mukabwezera zipolopolo, ponyanimo kapaketi ka silica gel, timikanda toyamwa chinyezi.

Loko uyu ndi woletsa ana ndi alendo a manja oyabwa. Wakuba amangonyamula bokosi lonse pa chogwirira chake, kapena kulikanula ndi chitsulo, n'chifukwa chake kugula loko wodula n'kutaya ndalama; ndi bwino kuliika mu kabati yokhoma, kutali ndi moto ndi chinyezi, makiyi ali kwina. Kwa amene ali ku South Africa, malamulo a pansi pa Firearms Control Act ya 2000, lamulo loyendetsera za mfuti, amafuna sefa yovomerezeka ya muyezo wa SABS 953, ndiye bokosi lotere lingakhale mkati mwa sefayo, koma silingalowe m'malo mwake.