Mgolo wa madzi pa ngolo: mudzaze kapena mugawe m'zigubu

Alimi anzanga a ku Angónia ndi ku Tsangano, chilimwe chino ambiri mukututa madzi pa ngolo kukathirira nazale ndi kukapopera tomato ndi mbatatesi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mgolo wosadzaza. Ena mumathira theka poganiza kuti mukupeputsira ng'ombe, koma mgolo wotero ndiye umazunza ng'ombe ndi kugubuduza ngolo.

Yesani izi mukakwera chapa kuchoka ku Ulongué kupita ku Tete. Thirani madzi m'botolo, musiye kampata pang'ono, mutseke, muligoneke pamwendo kukamwa kwake kutaloza kutsogolo. Galimoto ikamanyamuka, inu mumakankhikira kumbuyo, koma thovu la mpweya limathamangira kutsogolo. Dalaivala akaponda mabuleki, thovulo limabwerera kumbuyo. Mukaponyamo kachidutswa ka phesi la chimanga, nako kamatsata thovu. Chifukwa chake n'chakuti madzi ndi olemera: ponyamuka amatsalira n'kuunjikana kumbuyo, ndipo chopepuka chilichonse amachifinyira kutsogolo. Poima zimatembenuka. Choncho thovu likapita uku, dziwani kuti kulemera konse kwapita uko.

Tsono lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mgolo wa malita 200 ukakhala theka, muli ndi makilogalamu 100 oyenda okha m'ngolo, ngati matumba awiri a fetereza osamangidwa. Potsetsereka, ng'ombe zikangoti ziime, madziwo amamenya kutsogolo ndipo goli limagunda pakhosi. Pokhota amathawira mbali yakunja, teyala lina n'kunyamuka. Ndinaonapo ng'ombe itasupuka pakhosi chifukwa cha zimenezi, mwini wake akuganiza kuti vuto ndi goli.

Dzazani mgolo mpaka kukamwa, mutseke bwino, muuike pakati pamwamba pa mateyala, muumange ndi chingwe mbali zonse. Ngati ng'ombe sizingathe makilogalamu 200, chepetsani madziwo, muwagawe m'zigubu za malita 20, chilichonse chodzaza. Pa njinga yamoto n'chimodzimodzi, ndipo zigubu zilemere mofanana mbali ziwiri.

Mgolo ukakhala wopanda chotsekera, tengerani nzeru kwa amayi amene amaika masamba pamwamba pa ndowa pochokera kuchitsime. Masamba kapena kathabwa koyera koyandama kamaswa mafunde asanakule. Kamachepetsa kukhavuka kokha, sikaletsa madzi kuthamangira kutsogolo, choncho potsetsereka tsikani, mugwire ng'ombe, muziyendetse pang'onopang'ono.