Maganizo akakulandani tulo: nthawi yokaonana ndi aphungu ndi poyambira pake

Ndine mlimi wa fodya kuno ku Santhe. Chaka china fodya wanga sanayende bwino ku okushoni. Atadula ngongole ya feteleza, ndalama zotsala sizinakwane kulipira matenanti awiri amene anandigwirira ntchito chaka chonse, ndiye ndinakatenga katapila. Tulo tinathera pomwepo. Ndinkadzuka 2 koloko usiku n'kukakhala m'chigafa chopanda kanthu, kumangowerengetsera ndalama zomwezomwezo m'mutu mpaka tambala kulira. Nsima ndinkatema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Mayi a kunyumba akafunsa, ndinkati ndi malungo.

Malungowo anandiyeza kawiri, osapezeka. Ulendo wachitatu adokotala anaika cholembera pansi n'kundifunsa kuti, "Bambo, mukumagona bwanji? Nanga kunyumba kuli bwanji?" Tsiku lomwelo ananditumiza kwa namwino woona za matenda a maganizo. Ndinatsala pang'ono kubwerera pakhomo, poganiza kuti andiyesa wamisala. Chikhala kuti ndinabwerera, sindikudziwa ngati bwenzi ndikulemba izi.

Funso lomwe anzanga amandifunsa mwakachetechete, kawirikawiri tikatsala awiri pa bawo, ndi lakuti munthu ungadziwe bwanji kuti nthawi yakwana. Kudandaula kokha si matenda. Maliro akagwa timalira, mvula ikadula timada nkhawa, ndiye umunthu. Koma werengani masiku. Ngati patha masabata awiri kapena kuposerapo mtima uli wolemera pafupifupi tsiku lililonse, zomwe zinkakusangalatsani sizikukomanso, tulo ndi chakudya zasokonekera, ndipo mukudziona ngati munthu wachabe, achipatala amayamba kuganizira za matenda a kukhumudwa. Chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi ntchito. Nazale ikuuma inu mutangokhala, mwana akulankhula inu osamumva, ku banki m'khonde mwayamba kuthawa. Apo maganizo alowa m'munda mwanu.

Ambirife vutoli limatulukira m'thupi: mutu, kuthamanga kwa mtima, kuphwanya thupi lonse, mapiritsi osathandiza. Ena limatulukira mu kachasu ndi ukali. Amayi ena limawagwira akangobereka, mwana ali bwinobwino koma iwo akungolira, ndipo apongozi amati ndi ulesi. Si ulesi ayi, ndipo chithandizo chilipo.

Pali pamodzi pomwe simuyenera kuwerenga masiku. Mukayamba kuganiza zodzipha, kapena kuyang'ana botolo la mankhwala opopera fodya ndi maso ena, uzani munthu lero lomwe. Mupatseni botololo akalisunge kutali, ndipo akuperekezeni kuchipatala. Chimodzimodzi ngati munthu akumva mawu omwe ena sakuwamva.

Poyambira ndi pafupi. Tengani buku lanu lakuchipatala, pitani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kapena chachikulu cha boma ku Kasungu, ndipo nenani zoona. Musanene mutu wokha. Nenani kuti, "Ndikuganiza kwambiri, sindikugona, patha mwezi." Mawu amenewo akukwana, ndipo pemphani kuti muonane ndi woona za maganizo. Kuchipatala cha boma salipiritsa. Amene angathe kuyenda, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ntchito yawo ndi yomweyi. Ana ndi achinyamata angathe kuimba 116, nambala yaulere. Ngati gwero lake ndi nkhanza za m'banja, kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Ambiri akamva za maganizo amangoganiza za Zomba Mental Hospital, koma kumeneko kumapita odwala kwambiri. Ine sanandigoneke n'komwe.

Tsono m'chipindamo mumachitika chiyani? Ndinkayembekeza kudzudzulidwa ngati kwa ankhoswe, kapena ulaliki. Namwino uja anayamba ndi kundiuza kuti zokamba zathu ndi zachinsinsi, pokhapokha ngati moyo wanga kapena wa munthu wina uli pangozi. Kenako anangomvetsera. Ndinalankhula nthawi yaitali, mwina ndi misozi, iye osandidula.

Ulendo wachiwiri anatulutsa pepala. Anati, "Bambo, tiyeni tilembe zonse zikukusowetsani mtendere." Zinakwana 6. M'mutu mwanga zinali chimtolo chimodzi chosanyamulika, koma papepala zinaoneka ngati mabelo, lililonse palokha. Anandifunsa kuti ndi liti lomwe ndingaligwire sabata imeneyo. Ndinasankha la katapila. Sanandiuze chochita. Ankangofunsa kuti njira ndi ziti, ndipo iliyonse ingathere pati, mpaka ndinaona ndekha kuti ndiyenera kupita kwa mwini ndalama ndi malume anga kukapempha kulipira pang'onopang'ono. Chinanso chomwe anandiphunzitsa ndi kuyesa ganizo ngati momwe timayesera tsamba posankha magiredi. Ganizo lakuti "ndine wolephera, banja langa lingapume popanda ine" ndinkalitenga ngati choonadi. Iye anafunsa kuti, "Ana anu mwawalera ndi chiyani zaka zonsezi?" Ndinasowa choyankha.

Njira yoteroyi si ya azungu okha. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Kumeneko vutoli amalitcha kufungisisa, komwe ndi kuganiza kwambiri kwathu komweku.

Ndinene mosabisa: uphungu sunandilipirire ngongole. Unandibwezera mutu woti ndiilipirire. Komanso sugwira tsiku limodzi, ine ndinapitako kangapo, ndipo ulendo wina ndinabwerako mtima uli wolemera kuposa popita. Musasiyire pamenepo. Ngati simukumvana ndi amene akukuthandizani, pemphani wina. Ena amapatsidwanso mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine. Amenewa amatenga masabata angapo kuti muyambe kumva kusintha, choncho musawataye pa tsiku lachitatu, ndipo musawasiye mwadzidzidzi osafunsa achipatala. Kupemphera sindinasiye. Abusa anga ankadziwa komwe ndinkapita, ndipo tsiku lina anandibwereka njinga.

Abambo anzanga, mawu akuti mwamuna salira atilanda anthu. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka amakhala amuna. Ngati mnzanu wasiya kubwera ku bawo, musamutumizire uthenga wakuti "limbani mtima". Pitani, khalani naye pakhonde, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzichotsa moyo. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu. Akayankha, musamuuze kuti ena akuvutika kuposa iye. Muuzeni kuti mawa m'mawa mubwera ndi kabaza, ndipo mukakhala naye pamzere mpaka aitanidwe.