Malangizo Okonzela Kapena Kusintha Zokungila Cheni pa Motoka Yoyenda Pamtunda ndi Pamadzi

Malangizo awa ndi a motoka za mawilo 6 kapena 8 zimene zimayenda pamtunda komanso kuyandama pamadzi, monga za Argo zopangidwa ku Ontario m'dziko la Canada. Pa motoka zotele, mphamvu ya injini imafika ku wilo lililonse kudzela m'macheni amene ali pansi pa mbale zopondapo mapazi, ndipo popeza motoka imakhota mwa kugwila buleki ya mbali imodzi pamene mawilo a mbali inayo akuzungulilabe, macheni amakokedwa mwamphamvu nthawi iliyonse pokhota. Cokungila cheni, cimene amakanika amacicha tensioner, cili ndi kabuloko ka nayiloni komwe cheni imatsetselekapo, ndiponso sipuling'i imene imakankhila kabulokoko ku cheni ikayamba kulendewela.

Musanagwile ciliconse, imikani motoka pamalo athyathyathya, zimitsani injini, cotsani kiyi ndipo masulani waya wa negativu pa batile. Nyamulani motoka ndi jeke mpaka mawilo onse acoke pansi, kenaka ikani zocilikiza zolimba pansi pake, cifukwa jeke yokha si yodalilika. Mawilo akakhala pansi, cheni imakungika mbali imodzi ndi kulendewela mbali ina, motelo zimene mungaone zingakusoceletseni. Musaike zala pakati pa cheni ndi mano a sipuloketi, kawilo ka mano komwe cheni imakolapo, pamene wina akuzungulitsa wilo.

Mukacotsa mbale zopondapo, yambani kuyang'ana kabuloko ka nayiloni, pakuti ndiko kamatha msanga kuposa zina zonse. Cheni imakumba timizele tiwili kapena kuposelapo pamwamba pake, ndipo timizeleto tikazama kupitilila mlingo wolembedwa m'buku la motoka yanu, kapena kabulokoko kakang'aluka, kasinthidwe nthawi yomweyo. Ambili amazengeleza poona kuti motoka ikali kuyenda, koma nayiloni ikatha cheni imayamba kudya citsulo ca cokungilaco, ndipo cizindikilo cake ndi tizidutswa tonyezimila tosakanikilana ndi gilizi pansi pa motoka, limodzi ndi phokoso la kumenya kwa cheni pokhota. Ngati kabuloko kali bwino koma cokungila sicisuntha, nthawi zambili vuto limakhala matope ouma kapena dzimbili, ndipo kutsuka ndi kuthila mafuta pamalo oyendayenda kumakwanila.

Posintha, tembenuzani cokungila kuti cheni imasuke, ndipo gwililani sipuling'i mosamala cifukwa imakhala yopanikizika moti ingafwamphuke. Musanaicotse, jambulani cithunzi coonetsa mmene nsonga zake zakoledwela, popeza sipuling'i yoikidwa mozondoka imakokela kabuloko kutali ndi cheni m'malo moikankha. Ngati malo ali ocepa, dulani cheni pa mfundo yake yolumikizila, ndipo poibwezela onetsetsani kuti mbali yotsekeka ya kapini kogwila mfundoyo yayang'ana kumene cheni imapita motoka ikamayenda kutsogolo. Ikani kabuloko katsopano molunjika ndi cheni, mangani mabauti, kenaka zungulitsani wilo ndi manja kangapo kuti muone ngati cheni ikuyenda pakati pa kabuloko popanda kukhuza m'mbali. Cheniyo isakungike ngati nsinga ya uta, cifukwa kukunga kopitilila kumawononga mabeling'i a ekiselo, citsulo cimene wilo limamangidwapo.

Dziwani kuti cokungila catsopano sicingacilitse cheni yotha. Cheni imatalika cifukwa ca kudyeka kwa timapini ta m'mfundo zake, ndipo ikatalika ndi mapelesenti atatu kuposa utali wake woyamba, kapena cokungila cikafika pamapeto koma cheni ikali kulendewela, cheniyo isinthidwe, ndipo mano a sipuloketi ayang'anidwenso ngati sanapindike ngati mbedza. Pimaninso mpweya m'matayala onse, pakuti tayala limodzi likakula kuposa anzake limakakamiza cheni kukokana ndi mawilo ena, ndipo kabuloko katsopano kamatha m'nthawi yocepa.

Mukatha nchito, thilani mafuta a cheni, ndipo muzicita zimenezi pambuyo pa maola 10 alionse oyendetsa, kapena mwamsanga kuposa pamenepo ngati motoka yayenda m'madzi kapena m'matope. Mukatuluka m'madzi, tsegulani zotsekela za pansi kuti madzi olowa atuluke asanafike ku macheni, ndipo muzitsekenso bwinobwino musanalowenso m'madzi.